Zaka 17 kusakasaka jini imodzi: kodi Mary-Claire King anangotaya nthawi?

Funso lomwe landipeza ndi ili, ndalidula pang'ono: "Ndine mtsikana, ndikuphunzira biology ku yunivesite chaka chachitatu. Azakhali anga anamwalira ndi khansa ya m'mawere, ndipo kuyambira pamenepo ndimafuna nditadzakhala wofufuza za matenda amenewa. Koma ndamva kuti kuli mayi wina wasayansi amene anatha zaka 17 akusaka jini yoyambitsa khansayi, mapeto ake anthu ena n'kumupitirira. Ndi zoona? Nanga ntchito yotereyi ndi yoti munthu n'kuperekera moyo wake wonse?"

Achemwali, choyamba pepani ndi za azakhali anu. Zomwe mwamvazo ndi zoona ndithu, mayiyo ndi Mary-Claire King wa ku America, anayamba kusaka mu 1974 n'kudzapeza pomwe jiniyo (kachigawo ka DNA, malangizo a thupi omwe timatengera kwa makolo) imakhala mu 1990, kenako mu 1994 gulu lina ndi lomwe linayamba kuitulutsa jiniyo n'kuiwerenga yonse. Koma mawu oti "anamupitirira" ine ndimawakana, ndipo ndikuuzani chifukwa chake, bola mundilole ndiyambire kutali pang'ono chifukwa nkhani yake ikamveka bwino funso lanu lachiwirilo liyankhika lokha theka.

Mayi ameneyu anabadwa mu 1946 kufupi ndi Chicago, ndipo sanayambire ku biology ngati inu ayi, digiri yake yoyamba inali ya masamu, ku Carleton College. Mugwire mfundo imeneyi, tidzaifuna. Atapita ku Berkeley ku California ndi pomwe anakopeka ndi za majini, koma zoyesa zake za mu labu zinkangokanika mpakana anafuna kusiya sukulu. Amene anamubweza ndi mphunzitsi wake Allan Wilson, yemwe anamulimbitsa mtima kuti kukanika kwa zoyesa si chifukwa chosiyira sayansi. Ntchito yomwe anachita ndi Wilson ndi ija inadzatchuka mu 1975, yoonetsa kuti mapuloteni a munthu ndi a chimpanzi amafanana pafupifupi 99 peresenti. Anakaphunzitsako ku Chile, asilikali atalanda boma mu September 1973 anabwerera kwawo, nde mu 1974 anayamba ntchito ku San Francisco mu labu ya Nicholas Petrakis, yemwe ankafufuza za khansa ya m'mawere. Zaka 17 zija zikuyambira pamenepa, powerengera 1974 ndi 1990 zomwe.

Tsono kuti mumvetse kulimba mtima kwake muyenera kudziwa mmene anthu ankaganizira nthawi imeneyo. Zoti khansa ya m'mawere imakonda mabanja ena sizinali zachilendo, dokotala wa ku France Paul Broca anali atalemba kale mu 1866 za banja la mkazi wake momwe azimayi ambiri, mibadwo ingapo, anafa ndi matenda omwewa. Vuto linali loti anthu a banja limodzi sagawana magazi okha, amagawananso nyumba, zakudya, mpweya, makhalidwe, nde munthu ukanena kuti ndi za kumtundu ena ankangoti ayi ndi zomwe amadya, ena ankaloza mavairasi omwe pa nthawiyo ndi amene ankafufuzidwa kwambiri pa nkhani ya khansa. Ambiri ankaona ngati matenda ofala chonchi, ovuta chonchi, sangachokere pa jini imodzi.

Iye anayamba ndi kuwerengera, osati maikulosikopu. Gulu lake linatenga mbiri za mabanja 1,579 a azimayi omwe anapezeka ndi khansayi, n'kufunsa masamu funso limodzi: mmene matendawa akugwera m'mabanjamu, kodi zikugwirizana kwambiri ndi mwayi chabe, ndi malo okhala, kapena ndi jini imodzi yomwe kholo limapatsira mwana? Zotsatira zinatuluka mu 1988, ndipo zinati m'mabanja ochepa, pafupifupi 4 pa 100 alionse, payenera kukhala jini imodzi yamphamvu yomwe ngakhale utaitengera kwa kholo limodzi lokha chiopsezo chako chimakwera kwambiri. Taganizani, zaka 14 zadutsa ndipo chomwe ali nacho m'manja ndi umboni wa papepala woti chinthucho chiliko, osachiona n'komwe.

Kuchipeza ndiye inali ntchito ina. Masiku ano mwana wa sukulu amatsegula kompyuta n'kuona DNA yonse ya munthu, zilembo pafupifupi 3 biliyoni, koma ntchito yowerenga DNA yonseyo inayamba mu 1990 n'kutha mu 2003, kutanthauza kuti King ankasaka wopanda mapu. Njira yomwe inalipo inali iyi. DNA yathu inamangidwa m'mitolo yotchedwa ma chromosome, mapeya 23, theka kuchokera kwa mayi theka kwa bambo. Pomwe kholo likupatsira mwana, silipereka chilembo chimodzichimodzi, limapereka zigawo zikuluzikulu, nde zinthu ziwiri zomwe zayandikana pa chromosome zimakonda kuyendera limodzi mibadwomibadwo. Ofufuza anali atapeza malo ena pa DNA omwe amasiyana munthu ndi munthu ndipo amatheka kuwayeza, tingowatcha zizindikiro. Ukaona kuti m'banja lina azimayi onse odwala ali ndi mtundu umodzi wa chizindikiro china, ndipo abale awo osadwala ambiri alibe, umadziwa kuti jini yomwe ukusakayo ili chapafupi ndi chizindikirocho.

Pakamwa zimamveka zophweka. Koma ndikufuna muone ntchitoyo pafupi. Umayamba ndi pepala lalikulu, kujambula banja lonse, mkazi kabwalo mwamuna kabokosi, wodwala umadetsa kabwalo kake, womwalira umadula ndi mzere. Ukufunsa gogo wina kuti mchemwali wawo anamwalira ndi chani, ali ndi zaka zingati, bere limodzi kapena onse awiri, kenako ukasake mapepala a kuchipatala kuti utsimikize chifukwa kukumbukira kwa anthu kumasokoneza. Ukatero upemphe magazi kwa aliyense amene ali moyo, odwala ndi osadwala omwe, ena amakana, ena amalira kaye. Ku labu utulutse DNA, uidule ndi ma enzyme, uiyendetse pa gel ndi magetsi, udikire masiku kuti timizere tioneke pa filimu, uwerenge timizereto munthu mmodzimmodzi n'kulemba. Chizindikiro chimodzi chimenecho. Chikapanda kugwirizana ndi matenda, watsekako kachigawo kamodzi ka chromosome imodzi, mawa uyambe china. Anayesa zizindikiro zambirimbiri motere, chaka ndi chaka, zambiri mwa izo yankho lake n'kukhala "si pano".

Pofika 1990 anali ndi mabanja akuluakulu 23, momwe munali odwala khansa ya m'mawere 146. Chizindikiro china cha pa chromosome 17, dzina lake D17S74, chinkaoneka ngati chikulonjeza kenakake m'mabanja ena koma m'mabanja ena ayi, ukaphatikiza onse pamodzi masamu ankati palibe chilipo. Apa ndi pomwe mnzake wa m'gululo, Beth Newman, anapereka ganizo loti bwanji mabanjawa tiwandandalike malinga ndi zaka zomwe azimayi ake ankapezeka ndi khansa, kuyambira omwe amadwala ali achitsikana kukafika omwe amadwala atakalamba. Atatero zinthu zinayera. Mabanja 7 omwe azimayi ake, pa avereji, ankadwala asanapitirire zaka 45 anagwirizana mwamphamvu ndi chizindikiro chija, ndipo mabanja odwala mochedwa ndi omwe ankaphimba chilichonse.

Ine gawo limeneli limandikhudza nthawi zonse ndikamaliphunzitsa, chifukwa panalibe makina atsopano, panalibe ndalama zatsopano, deta inali yomweyo ya dzulo. Chomwe chinasintha ndi kaganizidwe. Khansa ya m'mawere ndi yofala, nde m'banja lalikulu mukhoza kupezeka azimayi atatu anayi odwala atakalamba popanda jini iliyonse yotengera, zangochitika basi. Mabanja oterowo ukawasakaniza ndi omwe alidi ndi jiniyo, amasungunula umboni. Munthu wodziwa masamu komanso wodziwa mabanja akewo mmodzimmodzi ndi amene angaone zimenezi. King analengeza zotsatirazi mu October 1990 pa msonkhano wa akatswiri a majini ku Cincinnati, pepala lake n'kutuluka mu magazini ya Science mu December chaka chomwecho. Malowo, a pa chromosome 17, amatchedwa 17q21, ndipo jiniyo anadzaitcha BRCA1. Pasanapite nthawi magulu ena anatsimikiza, n'kuonanso kuti malo omwewo akukhudzana ndi khansa ya m'thumba la mazira.

Tsopano za kupitiriridwa zija. Kudziwa dera si kudziwa khomo, m'chigawo chimenecho munali zilembo mamiliyoni ndi majini ambiri, nde malabu a ku America, ku Ulaya ndi kwina onse anathamangira komweko. Mpikisano unatenga zaka 4. Omwe anafika poyamba ndi gulu la Mark Skolnick la ku University of Utah pamodzi ndi kampani ya Myriad Genetics, anali ndi mabanja akuluakulu a ku Utah omwe mbiri za mibadwo yawo zinasungidwa bwino komanso ndalama za kampani, ndipo pepala lawo linatuluka mu October 1994. Kunena zoona zimawawa, munthu aliyense wa mu labu akudziwa mmene zimakhalira kutsegula magazini n'kupeza chomwe umasaka chili ndi maina a ena. Koma onani chomwe gulu la King linachita: linatenga jini yomwe yapezekayo n'kukayeza m'mabanja ake aja, n'kupeza zolakwika za mu BRCA1 zikuyenda limodzi ndi matenda, ndipo chisanathe chaka chomwecho anafalitsa umboni wotsimikiza kuti jini yake ndi imeneyidi. Komanso a ku Utah aja ankasaka pa chromosome 17 chifukwa chani? Chifukwa wina anali atatha zaka 17 kutsimikiza kuti chinthucho chiliko ndipo chili pamenepo. Njira yomweyo ndi imene Michael Stratton ndi Richard Wooster a ku Britain anatsata n'kupeza jini yachiwiri, BRCA2, pa chromosome 13, malo ake mu 1994, jini yeniyeniyo mu 1995.

Mwina mukufunsa kuti nanga jiniyi imatani kwenikweni. Anthu ambiri amati "ali ndi BRCA1" ngati ndi matenda, koma tonsefe tili nayo, inu ndi ine, amuna omwe. Ntchito yake ndi yabwino: imapanga puloteni yaikulu, ya ma amino acid (tizigawo tomwe timapanga mapuloteni) 1,863, yomwe imathandiza kukonza DNA ikaduka nthambo zake zonse ziwiri. DNA imaduka tsiku ndi tsiku m'maselo mwathu, ndipo selo labwino limalumikiza malo odukawo pokopera pa kope ina yosawonongeka. Aliyense ali ndi makope awiri a BRCA1, ya mayi ndi ya bambo. Wobadwa ndi kope imodzi yowonongeka amakhala bwinobwino chifukwa inayo ikugwira ntchito, koma tsiku lina mu selo limodzi la m'bere kope yotsalayo ikawonongekanso, selo limenelo limayamba kumata DNA yake mwachisawawa, zolakwika zimaunjikana, mpakana limayamba kugawikana mosalamulirika. N'chifukwa chake oterewa amadwala akadali aang'ono, anayamba ulendo ali kale theka la njira. Ziwerengero za ku America zimati mwa azimayi wamba pafupifupi 13 pa 100 adzadwala khansa ya m'mawere pa moyo wawo, pomwe mwa omwe ali ndi BRCA1 yowonongeka ndi pakati pa 55 ndi 72 pa 100. Mwana aliyense wa munthu woteroyo, wamkazi kaya wamwamuna, ali ndi mwayi theka wotengera.

Ndipo kudziwa ntchito ya puloteniyi kunabala mankhwala. Mu 2005 magulu awiri a ku Britain, la Alan Ashworth ku London ndi la Thomas Helleday ku Sheffield, anaonetsa kuti selo lomwe lataya BRCA limadalira njira ina yokonzera DNA, ya enzyme yotchedwa PARP, nde ukatseka PARP selo la khansalo limafa pomwe maselo abwino, omwe akadali ndi kope imodzi yogwira ntchito, amapirira. Mankhwala a olaparib anachokera pamenepa, anavomerezedwa ku America mu 2014 pa khansa ya m'thumba la mazira, ndi mu 2018 pa khansa ya m'mawere ya anthu a BRCA. Werengani nokha kuchokera 1974 kufika 2018.

Pali mbali ina yomwe imandipweteka. Myriad inatenga patenti pa majini awiriwa, kutanthauza kuti ku America kwa zaka zambiri kuyezetsa kunali m'manja mwa kampani imodzi, pa mtengo wopitirira madola 3,000. Mu June 2013 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti jini yomwe ili m'thupi mwachilengedwe si chinthu choti munthu n'kuchitenga ngati wachipanga yekha, ndipo malabu ena anayamba kuyeza nthawi yomweyo. King, yemwe kuyambira 1995 ali ku University of Washington ku Seattle, atalandira mphoto ya Lasker mu 2014 anapempha poyera kuti azimayi onse azipatsidwa mwayi woyezetsa BRCA1 ndi BRCA2 akafika zaka 30, chifukwa ambiri omwe ali ndi jini yowonongeka alibe mbiri yoonekera m'banja, makamaka ikadzera kwa bambo kapena banja likakhala laling'ono. Akatswiri ena sagwirizana naye pa zoyeza aliyense, mtsutso ulipobe.

Ndinene mwachidule chinanso, kuti musaganize kuti zaka zonsezo ankangoyang'ana chinthu chimodzi. Kuyambira 1984 anathandiza agogo aakazi a ku Argentina, a Abuelas de Plaza de Mayo, kupeza zidzukulu zawo zomwe zinabedwa nthawi ya ulamuliro wa asilikali makolo awo ataphedwa, pogwiritsa ntchito kuyeza magazi ndipo kenako DNA ya mitochondria yomwe munthu amatengera kwa mayi yekha. Luso lake ndi lomwelija, lotsata chinthu m'mibadwo ya banja.

Tibwere kwa inu. Za azakhali anu poyamba, chifukwa ndikudziwa kuti kuseri kwa funso lanu kuli mantha ena. Khansa ya m'mawere yambiri si yotengera, yotengera ndi pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100. Wachibale mmodzi kudwala, makamaka atakula, nthawi zambiri sizitanthauza kuti m'banja muli jini yowonongeka. Zomwe zimatidzutsa ife ndi monga achibale angapo a mbali imodzi, kudwala asanafike zaka 50, mabere onse awiri, khansa ya m'thumba la mazira, kapena mwamuna kudwala khansa ya m'bere. Ngati zina mwa izi zilipo kwanu, kambiranani ndi dokotala, ndipo mbali ya bambo muiwerengenso, anthu ambiri amaiiwala.

Za ntchitoyo, sindikunamizani kuti ndi yokoma tsiku lililonse. Ine ndinakhalapo miyezi yoposa 6 ndikulera maselo a khansa ya m'mawere m'timbale, kuwasinthira madzi awo Loweruka ndi Lamlungu lomwe, zotsatira zikubwera zokongola zedi, kenako titawayeza tinapeza kuti mwalowa tizilombo tina tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso totchedwa mycoplasma, ndipo zonse zomwe ndinkaona zija sizikanadalirika. Ndinathira mankhwala ophera m'timbale tonse, mmodzimmodzi, manja akunjenjemera, ndinakhala pa mpando wa mu labu nthawi yaitali osayankhula. Lolemba lake ndinasungunula maselo ena a mufiriji n'kuyambiranso. Masiku ambiri a wofufuza ndi otero, kuphatikizapo kulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku omwe ambiri amakanidwa. Ngati chomwe chikukukokani ndi kudzatchuka kuti ndinu munapeza chakutichakuti, mudzavutika mtima kwambiri. Koma ngati muli ndi funso lomwe limakusowetsani tulo, "si pano" aliyense amakhala kuti wakusendezani.

Ndiye ngati mwatsimikiza, langizo langa loyamba ndi lomwe ambiri a biology salikonda: musathawe masamu. Phunzirani statistics mozama, phunzirani kulemba mapulogalamu a pakompyuta monga R kapena Python, chifukwa lero makina amawerenga DNA ya munthu yonse pa masiku ochepa ndipo chosowa ndi anthu otha kufunsa deta imeneyo mafunso anzeru ngati lija la Beth Newman. Lachiwiri, posankha kokachita masters kapena PhD yang'anani mphunzitsi kuposa dzina la sukulu, funsani ophunzira ake akale kuti zoyesa zikakanika amatani nawo. King akanakhala ndi mphunzitsi wina mwina bwenzi atasiya asanayambe n'komwe. Ndipo muzipeza mpata wokhala pafupi ndi odwala ndi madokotala awo, musangodziwa matendawa m'timachubu mokha.

Musaganizenso kuti zonse zinapezedwa kale. Majini ena owonjezera chiopsezo anapezeka, monga PALB2, CHEK2 ndi ATM, komabe alipo mabanja ambiri omwe khansa ikuwasakaza ndipo ukayeza majini onse odziwika supeza kanthu. Pali zosintha zambirimbiri za mu BRCA1 ndi BRCA2 zomwe labu imazipeza koma n'kulephera kumuuza mayi ngati zili zoopsa kapena ayi, ndipo vuto limeneli ndi lalikulu kwa anthu omwe makolo awo si a ku Ulaya, chifukwa deta yambiri yomwe timayerekezera inatengedwa kwa azungu. Kafukufuku wa ku Nigeria wotsogoleredwa ndi Olufunmilayo Olopade, momwe King analinso, yemwe anatuluka mu 2018, anapeza kuti mwa azimayi odwala oposa 1,000 omwe anayezedwa, pafupifupi mmodzi mwa 7 aliyense anali ndi jini yowonongeka yotengera, chiwerengero chokwera ndithu. Palinso khansa ija yotchedwa triple-negative, yomwe simva mankhwala a mahomoni ngati tamoxifen komanso simva trastuzumab, imakonda azimayi achichepere ndi azimayi akuda, ndipo zotupa zambiri za anthu a BRCA1 zimakhala za mtundu umenewu. Bungwe la WHO linati mu 2022 azimayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere padziko lonse, 670,000 anamwalira. Ntchito ilipo yoti n'kudya moyo wa anthu ambiri ngati inu.

Sabata ino chitani ichi: sakani pepala lija la mu Science la December 1990, dzina loyamba pa olemba ndi Hall, la King lili kumapeto. Ndi lalifupi. Ulendo woyamba simumva zambiri, musadandaule, pitani pomwe anandandalika mabanja 23 aja malinga ndi zaka, muone mmene manambala akukwerera pa mabanja oyambirira kenako n'kuyamba kutsika. Mukafika pa mawu oti lod score n'kukakamira, ndilembereninso, tidzawerengera limodzi.